Kutsata nzimbe, kuchokera ku Dwangwa mpaka ku Nchalo

Lolemba, Nkhotakota

Ndafika nditatheratu, msana ukuwawa. Minibasi inanyamuka mu depoti ya ku Lilongwe dzuwa lili pamutu, chifukwa dalaivala anagona pamzere wa mafuta ndipo anangopeza theka la thanki. Kondakitala anakweza mtengo pompo, n'kunena kuti amene sakufuna atsike. Palibe anatsika. Tinalipira uku tikung'ung'udza.

Ulendowu uli pawiri. Alamu anga a ku Dwangwa akhala akundiitana kuyambira kalekale, ndipo Loweruka kuli chinkhoswe cha mwana wa achemwali ku Nchalo. Madera awiriwa ndi kuchimake kwa nzimbe, komanso ndi kumene kumachokera ethanol amene amathira mu petulo wathu. Ine ndimaphunzitsa sayansi kusekondale. Chaka ndi chaka ndimauza ana kuti ethanol ndi mafuta osatha, ochokera kumunda, osaononga chilengedwe monga amachitira petulo. Iwo amalemba, mayeso n'kukhoza. Ndiye ndati poti tchuthi chilipo, ndikadzionere ndekha kuti mawu amenewa ndi oona mpaka pati.

Pa Kaphatenga tinakhotera kumpoto, msewu wa m'mbali mwa nyanja. Ndi wopapatiza, m'mphepete munadyeka, moti tikakumana ndi lole dalaivala amatsikira m'fumbi, tonse n'kugwira mpando wakutsogolo. Titayendako ndithu tinadutsa minda ya Salima Sugar. Pa mlatho wa Chia anyamata anathamangira galimoto atanyamula chambo chotunga pa luzi, koma nditamva mtengo ndinangobweza dzanja m'thumba.

Mayi amene ndinakhala nawo pafupi anandigawira chinangwa chophika ndi mtedza, osafunsa n'komwe ngati ndili ndi njala. Amalima mpunga cha ku Bua. Nditawauza kuti ndikupita kukaona nzimbe anati, "Bambo, nzimbe n'zabwino tsiku lolandira ndalama. Nanga masiku enawo ana adya chiyani?" Kwawoko anthu ena anasiya mpunga ndi chinangwa n'kulowa m'nzimbe. Ena zinawayendera, ena akudandaula mpaka lero. Iwowo anakana, ndipo sakusintha maganizo.

Tafika pa boma kutada. Galimoto yopitirira ku Dwangwa inalipo, koma ndinachita mantha. Msewu umenewu usiku, nyengo ino yodula nzimbe, sindikanaulimba mtima. Ndagona pa resitihausi ina nditadya kondowole ndi usipa. Mwera ukuwomba, zenera likugwedera.

Lachiwiri, Dwangwa

Pamene timawoloka Bua m'mawa uno thengo linali louma, malo ena akuda bii ndi lupsa. Kenako mwadzidzidzi kubiriwira, nzimbe zokhazokha mpaka polekezera maso. Fungo linayamba kumveka tisanafike pa siteji, lotsekemera, lolemera, la shuga wopserera. Anthu a kuno anasiya kale kulimva.

Alamu anandichingamira ndi njinga. Anagwira ntchito pa fakitale ya shuga zaka zambiri, mbali ya maboyila, ndipo atapuma anatsegula kamunda kawo ka nzimbe. Titadya anakokera mipando pansi pa mango, n'kuyamba kundilongosolera uku akulemba pansi ndi kamtengo.

Nzimbe ikalowa m'chigayo amaifinya, madzi ake n'kuwawiritsa mpaka shuga aundane. Amabwereza kangapo, ndipo pamapeto pamatsala chinthu chakuda, chonanda, chimene shuga wake sangaundanenso. Ameneyo ndiye molasesi. Pa tani imodzi ya nzimbe pamatuluka shuga wopitirira pang'ono makilogalamu 100, ndi molasesi wa makilogalamu 30 kapena 40. Molasesiyo ndi amene amapita ku fakitale yopanga ethanol ya ETHCO, yomwe ili pafupi pomwepo ndipo inayamba ntchito mu 1982. Kumeneko amamusungunula ndi madzi, kuthira yisiti, kusiya kuti awire, kenako kutcheza.

"Alamu, n'chimodzimodzi kachasu," anatero. "Amayi a kumudzi ali ndi mtsuko, paipi ndi madzi oziziritsira. Awa ali ndi matanki akuluakulu ndi mapaipi ataliatali. Kungoti awa amachotsa madzi onse mpaka utsale mowa wokhawokha, chifukwa madzi ndi petulo sizigwirizana."

Tani imodzi ya molasesi imatulutsa malita pafupifupi 250. Mukawerengera bwino, tani yathunthu ya nzimbe ikupereka malita 10 okha a ethanol, mwinanso osakwana. Nambalayi ndi yochepa, koma ndi pomwe pagona ubwino wa ethanol wa kuno. Nzimbe zonsezi zimalimidwa chifukwa cha shuga. Ethanol akanapanda kukhalapo, minda ikanakhala yomweyi, madzi othirira omwewa, ndipo molasesi akanatsalabe. Tikutola chotsalira n'kuyendetsera galimoto. Lita iliyonse yotereyi ndi lita imene sinakwere thanki kuchokera ku Beira, Nacala kapena Dar es Salaam.

Alamu amakumbukira bwino chiyambi chake. M'zaka za m'ma 1970 mtengo wa mafuta unakwera padziko lonse. Anzathu a ku Zimbabwe anayamba kupanga ethanol ku Triangle mu 1980, ife n'kutsatira. Posakhalitsa nkhondo ya ku Mozambique inadula njanji za ku Beira ndi Nacala, mafuta n'kumabwera mozungulira pa mtengo wowawa, ndipo ethanol wa pa Dwangwa anathandiza kwambiri. Nthawi imeneyo panalibe wolankhula za kusintha kwa nyengo. Nkhani inali ya ndalama zakunja, monga ilili lero.

Za mpweya wotenthetsa dziko ndazilingalira madzulo ano, alamu atapita kukaona ng'ombe. Nzimbe ikamakula imayamwa mpweya wa kaboni mumlengalenga, ndipo ethanol akapsa mu injini mpweyawo umabwerera komwe unachokera. Petulo amafukula kaboni amene anakwiririka pansi kwa zaka mamiliyoni, n'kumuwonjezera pamwamba. Izi n'zoona. Koma mathirakitala amene ndawaona lero akumwa dizilo. Feteleza wa nayitrojeni amapangidwa ndi gasi kunja, ndipo akathiridwa m'munda amatulutsa mpweya wina wotenthetsa dziko kambirimbiri kuposa kaboni. Zonsezi ziyenera kuwerengedwa. Bungwe loona zachilengedwe ku America, la EPA, litaphatikiza zonse mu 2010 linapeza kuti ethanol wa nzimbe wa ku Brazil amachepetsa mpweya woipa ndi 61 pa 100 poyerekeza ndi petulo. N'zambiri ndithu, koma 39 yotsalayo iliko, ndipo yambiri imachokera kumunda.

Lachitatu, Dwangwa, kumunda

Usiku wathawu tili pakhonde kumwamba kunafiira cha kum'mawa. Ndinadzidzimuka, ndimayesa mudzi ukupsa. Alamu sanatembenuke n'komwe. "Akuwotcha munda, mawa adula." Moto wa nzimbe umathetheka mwaphokoso, malawi kupitirira denga la nyumba, ndipo sukhalitsa. Patapita kanthawi phulusa linayamba kugwa, timasamba takuda topepuka, pa mbale, m'tsitsi, mu ndowa ya madzi imene tinaiwala kuvindikira. Mdzukulu wawo ali ndi mphumu. Nyengo ino amamugoneka mazenera onse atatseka, ngakhale kutenthe bwanji.

Mbandakucha tinapita kumunda wa mnzawo wina. Odula anali atayamba kale, chifukwa dzuwa likakwera ntchitoyi siigwirika. Ndinaima kumuyang'ana mmodzi kwa nthawi ndithu. Amakumbatira nzimbe zingapo ndi dzanja lamanzere, chikwanje n'kutsika pansi penipeni, poti shuga wambiri ali kutsinde. Kenako adula nsonga, aponya pamzere, asuntha phazi, ayambanso. Nkhope, malaya, manja, zonse zakuda ndi mwaye, thukuta litalemba mizere m'khosi. Pafupi pake panali chigubu cha madzi chokulunga ndi thumba lonyowa. Ataona kuti ndine mlendo anadula kachidutswa, kusenda ndi chikwanje chomwecho, n'kundipatsa. Kanali kotsekemera kwambiri, komveka utsi. M'mbali mwa munda anyamata ndi agalu awo anali kufunafuna nchenzi zimene motowo unatulutsa.

Ndinamufunsa wodula uja chifukwa chake amawotcha. "Madala, lowani m'munda wosawotcha muone. Masamba amacheka, muli njoka, muli mavu. Ndipo ife amatilipira ndi mmene tadulira." Sindikanamutsutsa. Komabe chimene chikupsa usiku uliwonse ndi chuma. Masamba amenewo akanasiyidwa pansi akanaphimba nthaka, kusunga chinyezi, kupha udzu ndi kuwola kukhala manyowa. M'malo mwake akupita m'mapapo mwa ana.

Ku Brazil, m'chigawo cha São Paulo, anakhazikitsa lamulo lothetsa pang'onopang'ono kuwotcha nzimbe mu 2002, ndipo mu 2007 boma ndi eni mafakitale anagwirizana kuti m'minda yafulati, momwe makina angayende, asiye kuwotcha pofika 2014. Utsi unachepa kwambiri. Nditafotokoza izi alamu analoza odulawo ndi chibwano. "Makina amodzi amadya ntchito ya anthu makumi angapo. Awa apita kuti?" Tinatsutsana mpaka kunyumba. Ine ndikuti nzimbe yosawotcha imadulidwa ndi manja bwinobwino, kungoti imachedwa, ndiye wodulayo apatsidwe zodzitetezera zoyenera ndi malipiro okwera, mtengowo ulowe mu shuga ndi mu ethanol. Alamu akuti mlimi wamng'ono ngati iwo sangakwanitse pokhapokha ogula nzimbe atawonjezera. Apa tinagwirizana.

Chimene alamu amanyadira kwambiri ndi bagasi, zotsalira za nzimbe yofinyidwa. Zimenezi ndizo ankaponya m'maboyila zaka zonsezo. Nthunzi yake imayendetsa zigayo, imawiritsa shuga, imapanganso magetsi. Kutcheza ethanol kumafuna moto wambiri, ndiye fakitale yotcheza ikamalandira nthunzi ya bagasi, masamu a mpweya amakhala bwino kwambiri. Ikakhala payokha n'kumawotcha malasha, gawo lina la phindu lija limathera m'chumuni. N'chifukwa chake ethanol wa nzimbe amaposa wa chimanga wa ku America, amene amadalira gasi potcheza.

Madzulo ndinafunsa za chinthu chimene mabuku athu amangochidutsa. Mowa ukachoka, m'thanki mumatsala madzi abulauni, owawasa, onunkha, otchedwa vinasi. Pa lita imodzi ya ethanol pamatsala malita 10 mpaka 15 a madzi amenewa. Akalowa mumtsinje, tizilombo towoletsa timamaliza mpweya wonse wa m'madzi, nsomba n'kuyandama. Ku Brazil mitsinje inavutika nawo mpaka boma linaletsa kuwatayira m'madzi kumapeto kwa zaka za m'ma 1970. Atakakamizika anaona kuti muli potaziyamu wambiri, ndiye anayamba kuthirira nawo minda ya nzimbe m'malo mwa feteleza wina. Ena masiku ano amayamba atulutsamo gasi wopangira magetsi. Koma akathiridwa mopitirira muyeso pamalo amodzi amaika mchere m'nthaka ndipo amatha kutsikira m'zitsime.

Alamu anandionetsa pakhoma la khitchini pamene panafika madzi mu Febuluwale 2024, mtsinje wa Dwangwa utasefukira n'kusamutsa mabanja ambirimbiri. Mzere wake ukuonekabe, kufika m'chiuno mwanga. "Madzi saiwala khwawa, alamu." Chigwa chonsechi ndi khwawa, ndipo kumunsi kwake ndi nyanja, kumene kunachokera usipa ndinadya Lolemba. Aliyense wosunga vinasi m'maiwe pa malo otere ayenera kumanga moganizira chaka choipitsitsa, ndipo oyang'anira zachilengedwe aziyendera maiwewo mvula isanayambe.

Lachinayi, m'basi yopita ku Blantyre

Tsiku lonse pampando. Salima, Chipoka, Golomoti, Balaka. Miyendo yatupa, ndadya tchipisi cha pachiwaya ndi dzira lowiritsa basi. Akazi a alamu anandikulungira mpunga m'kathumba, ndawufungatira njira yonse kuopa kuti ungatayike.

Kuyambira cha ku Phalula mpaka pa Zalewa, makala. Matumba ataimikidwa m'mbali mwa msewu, njinga zitasenza atatu kapena anayi, wokankha atawerama mpaka mutu kufika pa handulo. Mapiri a kuseri kwake ali mbee. Anthu opitirira 9 mwa 10 aliwonse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala, pamene a galimoto ndi ochepa kwambiri. Ethanol amayaka bwino pa chitofu, moto wabuluu wopanda utsi. Ndakhala ndikudzifunsa kuti lita imodzi ingateteze chilengedwe kwambiri ili kuti, mu thanki ya galimoto kapena pansi pa poto wa ku Ndirande. Mtima wanga ukupendekera ku poto. Vuto n'lakuti makala amagulidwa a kajumbo kamodzi, okwanira kuphikira lero, pamene chitofu chimafuna ndalama ya nthawi imodzi.

Ndagona kwa asuweni ku Ndirande. Magetsi kulibe, nsima yaphikidwa pa mbaula.

Lachisanu, Thabwa, Dyeratu, Nchalo

Phiri lotsikira ku Chikwawa ndimaliopa, ndipo lero ndaliopanso. Titadutsa Milare msewu unayamba kukhotakhota, kumbali kuli phompho. Mabuleki anayamba kununkha. Agogo ena kumbuyo anayamba kupemphera mokweza, ndipo palibe anawaletsa. Pa khona ina chigwa chonse chinaonekera, Shire akupindika pakati, minda yobiriwira patali, ina yozungulira bwinobwino. Ndinangoyang'ana kamodzi n'kubweza maso kwa dalaivala.

Pa Thabwa kutentha kunatilandira. Ogasiti sanathe, koma malaya anamata kale kumsana. Titawoloka Shire pa mlatho wa Kamuzu tinafika pa Dyeratu, dera la fakitale yachiwiri ya ethanol, ya PressCane, imene inayamba ntchito mu 2004. Iyi ili patali ndi chigayo cha shuga, ndiye molasesi amachita kubwera pa galimoto kuchokera ku Nchalo. Mafakitale onse awiri, ETHCO ndi PressCane, ali pansi pa Press Corporation. Kwa zaka zambiri iliyonse inali ndi mphamvu yotulutsa malita pafupifupi 18 miliyoni pachaka, koma kawirikawiri sizinkafikapo chifukwa molasesi ndi wochepa, ndipo zigayo za shuga zimaima nyengo ya dzinja. Lamulo limati petulo azikhala ndi ethanol 20 pa 100, koma ethanol akasowa mulingowo umatsika. Dalaivala wathu akuti petulo wosakaniza sachedwa kutha. Pang'ono akunena zoona, poti lita ya ethanol ili ndi mphamvu pafupifupi magawo awiri mwa atatu a lita ya petulo. Pa mulingo wa 20 pa 100 kusiyanako n'kochepa, koma munthu wowerenga lita iliyonse amakuona.

Cha ku Bereu minibasi inatsokomola kawiri n'kuzima. Mafuta atha. Kondakitala anakwera kabaza ndi chigubu, ife n'kutsala padzuwa. Mayi wina wa nyumba yapafupi anatiitanira pansi pa mtengo, kutiyalira mphasa, n'kutulutsa madzi a mu mtsuko ndi lichero la masau. Tinalipo anthu ambiri, koma kapu inazungulira mpaka aliyense anamwa. Nditafuna kuwapatsa kangachepe anabisa manja kumbuyo. "Mlendo salipira madzi, bambo." Madziwo anali ndi kamchere. Anati mjigo wawo ndi wotero kuyambira kale.

Tafika pa Nchalo dzuwa litapendeka. Achemwali andilandira ndi thobwa, nyumba yadzaza kale ndi alendo, ndigona pakhonde ndi neti.

Loweruka, Nchalo

Chinkhoswe ndi cha masana, ndiye m'mawa ndinapangana ndi mnyamata wa kabaza kuti andizungulitse. Tinagwirizana K3,000, koma atatuluka thukuta ndinawonjezera. Akuluakulu a kuno amatchulabe malowa kuti Sucoma, dzina la kampani imene Lonrho inayambitsa m'zaka za m'ma 1960, Illovo isanagule mu 1997.

Kuno nkhani yonse ndi madzi. Nzimbe imafuna mamilimita 1,500 mpaka 2,500 kuti ikhwime, pamene mvula ya chigwa chino zaka zambiri sifika ndi 800 yomwe. Otsalawo amachokera mu Shire. Tinatsata ngalande yodzaza mpaka m'milomo, kenako tinaima pa munda wa pivoti, chipaipi chachitali cha mateyala chimene chimayenda chokha mozungulira, chikuwaza madzi. Ndinatsika kuti ndione pafupi. Chimasuntha pang'onopang'ono moti umachita kuyang'ana teyala kuti udziwe kuti chikuyenda. Pansi pake dothi lakuda, lonyowa, achule akulira. Kutsidya kwa msewu, mapesi a mapira ouma gwa, mbuzi zikunyambita fumbi.

"Madala, madzi onsewa amachita kupopa," anatero mnyamatayo. Mapampu amadya magetsi ambiri, ndipo magetsi athu ambiri amachokera mu Shire yemweyo, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Mtsinje umodzi ukuthirira nzimbe, ukuyendetsa mapampu, ukumwetsa midzi, ndipo kumunsi ukudyetsa dambo la Elephant Marsh, lomwe mu 2017 linalowa m'gulu la madambo otetezedwa padziko lonse pansi pa pangano la Ramsar. Asodzi a mlamba ndi makakana amadalira dambo limenelo. Madzi ochoka m'minda akatenga feteleza ndi mankhwala, amathera komweko.

Panopa akukumba ngalande yaikulu ya Shire Valley Transformation Programme, yotenga madzi pa Kapichira n'kuwatsitsa okha popanda pampu, kuti adzathirire mahekitala opitirira 40,000. Namondwe wa Ana anaononga malo a Kapichira mu Januwale 2022, magetsi a kumeneko n'kuzima kwa chaka ndi miyezi, ndipo Freddy anabweranso mu Malichi 2023. Ngalandeyo ikadzatha, magetsi opopera adzapulumuka, ndipo ichi n'chabwino. Funso limene likundisautsa n'lakuti madziwo adzathirira chiyani, ndipo adzasankha ndani. Pobwerera tinadutsa amayi ali pamzere wa mjigo, ngalande yodzaza ili poteropo. Mchere wa m'mijigo ya kuno ndi wa m'nthaka momwemo, sunabwere ndi nzimbe. Koma kuona ndowa zopanda kanthu pafupi ndi madzi ochuluka chotero kunandipweteka.

Chinkhoswe chayenda bwino. Tambala ndi thadzi zasinthana manja, tavina, tafupa mpaka m'thumba mwapepuka. Ndatopa, mawu atha.

Lamulungu, Nchalo

Titachoka kutchalitchi ndinakhala pansi ndi amalume ake a mkwati, bambo achikulire, membala wa koparetivi ina ya alimi a nzimbe. Kuno magulu otere alipo, monga a ku Kasinthula ndi a ku Phata, kumene anthu anaphatikiza minda yawo kukhala munda umodzi wothirira, n'kumagawana phindu. Bambowa sakudandaula. Anandiwerengera malata a nyumba, fizi ya ana awiri, ng'ombe zitatu. "Aphunzitsi, munda umenewo kale unkandipatsa thonje la matumba angati? Chaka cha chilala, ngakhale limodzi." Ndinawamvetsa. Munthu amene sanakhalepo m'chigwa chino mvula itakana asafulumire kunyoza nzimbe.

Bambowa anamva kuti ethanol akufunika wambiri, ndipo akuti zikanakhala bwino alimi akanamalima nzimbe zopita ku ethanol mwachindunji. Umu ndi mmene amachitira ku Brazil chiyambire pulogalamu yawo ya Proálcool mu 1975. Amafinya nzimbe, madzi ake onse n'kuwiritsa mowa, ndipo tani imodzi imapereka malita 70 kapena 80 m'malo mwa 10 athu aja. N'chifukwa chake kuyambira 2003 ali ndi galimoto zolandira petulo kapena ethanol, mwini wake n'kumasankha pa pampu. Kuno ku Malawi nakonso cha m'ma 2007 boma linayesapo galimoto zoyendera ethanol mothandizana ndi Lilongwe Technical College. Galimoto zinayenda, koma mafuta oti adyetse galimoto zambiri zotere sangachoke mu molasesi yekha.

Ndinawauza nkhawa yanga. Tsiku limene tidzayambe kulima nzimbe chifukwa cha ethanol, madzi onse, feteleza yense, utsi wonse ndi malo onse zidzakhala pa mutu pa ethanol, shuga sadzamusenzeranso. Brazil ndi dziko lalikulu, ndipo nzimbe zambiri za ku São Paulo zimakula ndi mvula, m'malo amene kale munali msipu wa ng'ombe. Ife malo oyenera nzimbe ndi madambo ndi zigwa, momwe muli mpunga, madimba ndi msipu, ndipo mikangano ya malo m'madera a nzimbe si yachilendo. Kugwetsa nkhalango n'koipa koposa. Kafukufuku wina wa mu 2008 anapeza kuti ukalambula thengo la mitengo la Cerrado ku Brazil n'kudzalamo nzimbe, pamatenga zaka 17 kuti ethanol abweze kaboni amene watuluka polambulapo. Nkhalango ya Lengwe ili pafupi pompano, ndipo nzimbe zinafika kale m'malire mwake. Ine ndikanakonda tiyambe tafinya zonse zimene zili m'minda ilipo kale, molasesi yense, bagasi yense, masamba amene tikuwotchawa, ndi gasi wa mu vinasi. Minda yatsopano ibwere pokhapokha eni malo atavomera ndi mtima wonse, ndipo gawo la chakudya litapatulidwa poyamba.

Bambowo anagwedeza mutu, nati zomwezo zikakambidwa pa msonkhano wawo sabata ikubwerayi, chifukwa pali maganizo owonjezera mahekitala cha kumtsinje. Akazi awo, amene nthawi yonseyi ankasankha nyemba pambali, anaika lichero pansi. "Dimba langa lokha ayi. Mbatata ndi chimanga cha m'dimba ndi zimene zinatidyetsa chaka cha Freddy, ndalama ya nzimbe isanatuluke." Amuna awo anati dimbalo likalowa m'gulu lidzabweretsa kawiri. Mayiwo anafunsa kuti kawiri ka mwezi uti. Ndawasiya akukambiranabe, ine ndapita kukafunsa za minibasi ya mbandakucha, kuti phiri la Thabwa tikalikwere kusanatenthe.